Za Kuyenda Ulendo wa Pansi m'Nyengo ya Dzuwa

Inu akulu, eni nyumba ndi eni mbumba, nyenje zikayamba kulira m'mitengo, tchire litapsa, ndi akamvuluvulu ali kuzungulira m'minda, nonse mudziwa kuti tafika m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, imene kutentha kwake kuposa miyezi yonse ya chaka. Ndipo miyezi yomweyi ndiyo imene mlimi ayenda maulendo ambiri. Wina apita kukagula mbewu ndi feteleza mvula isanagwe. Wina akusa ng'ombe kunka nayo kumsika. Wina atsikira kunyanja ndi mbatata kuti akabwere ndi usipa. Amayi asenza chimanga kunka kuchigayo chakutali, khanda lili kumbuyo. Ulendo wotere ukonzedwa bwino pa zinthu zambiri: ndalama imangidwa pansalu, thumba lisokedwa, njinga ipopedwa. Koma madzi akumwa ndiwo aiwalika, ndi nthawi yonyamukira isankhidwa mwa ngozi, monga momwe ntchito za m'mawa zathera.

Ine ndinena kuti kulakwa kumeneku kuli pa ife eni nyumba, pakuti ndife amene tituma, ndiponso ndife amene ana aonera. Tinakula ndi mawu akuti mwamuna sadandaula ludzu, ndi kuti kuyenda ndi botolo m'manja ndi zochita za ana a sukulu, kapena za alendo okwera phiri la Mulanje. Munthu akafika pamudzi milomo itauma, wosamwa kanthu kuyambira m'mawa, timtama kuti ngwolimba. Sindikana kuti kupirira ndi chinthu chabwino. Mlimi wosapirira sakolola. Koma pali zinthu zimene kupirira kuthandiza, ndi zina zimene sikuthandiza konse. Njala ya tsiku limodzi munthu aipirira, nadya madzulo, nachira. Ludzu la pa dzuwa lalikulu silitero ayi, ndipo chifukwa chake ndichifotokoze.

Thupi la munthu lifanana ndi mtsuko wadothi. Mudziwa kuti madzi a mumtsuko azizira koposa a m'ndowa yachitsulo; chifukwa chake n'chakuti mtsuko uchucha pang'onopang'ono kunja kwake, ndipo mphepo poumitsa chinyontho chimenecho ichotsa kutentha. Thukuta ligwira ntchito yomweyo. Thupi la munthu wosadwala likhala pa madigiri 37, ndipo silifuna kupitirira pamenepo. Potero likatenthedwa ndi dzuwa kunja, ndi ntchito ya miyendo m'kati, litulutsa madzi pakhungu kuti lidziziziritse. Koma mtsuko wochucha ufuna kudzazidwa. Munthu wosenza katundu pa dzuwa lalikulu akhoza kutaya lita imodzi ya thukuta pa ora limodzi, ena koposa pamenepo; ndipo madziwo sachokera kwina, atapidwa m'mwazi ndi m'mnofu. Mwazi ukachepa madzi, mtima ugunda msangamsanga kuti ufikitse wotsalawo kumutu ndi kumiyendo, impso ziumira mkodzo, mutu uyamba kuwawa, ndi munthu poimirira amva chizungulire. Palibe kulimba mtima kumene kungabweze madzi m'mwazi.

Wina adzati, Nanga ludzu silili pomwepo kutiuza nthawi yakumwa? Lilipo ndithu, koma ndilo mlonda wochedwa kudzuka, makamaka mwa okalamba, amene amva ludzu pang'ono ngakhale thupi lauma. Mlonda wokhulupirika ndi wina, ndipo mundikhululukire pomtchula pamaso pa akulu: ndiye mkodzo. Ukakhala wambiri ndi woyera, thupi lili ndi madzi okwanira. Ukakhala wochepa, wa maonekedwe a tiyi wopanda mkaka, kapena munthu akayenda kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka wosapatuka kuthengo, pamenepo adziwe kuti ali ndi ngongole ya madzi, angakhale kukhosi sikunaume.

Tsoka lalikulu ligwera anthu a kumapiri potsikira kuchigwa. Tatengani munthu wa ku Dedza. Boma la Dedza lili pamwamba ndithu, mamita ngati 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Ndipo mpweya uwonjeza kutentha madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu atsika. Munthuyo anyamuka kwawo kuli kachisanu, atavala jekete, natsika Khwekhwerere kunka ku Golomoti kapena ku Mtakataka, njinga ili kuthamanga yokha, ndi mphepo ili kumuomba. Samva ludzu, saona chifukwa chakumwa. Agulitsa mbatata zake, nagula nsomba, nachedwa pokangana mtengo; ndipo cha m'ma 11 koloko ayamba ulendo wobwerera, ali kukankha njinga yolemera pachikweza, dzuwa lili paliwombo, m'mimba muli chitumbuwa chimodzi. Anthu a kuchigwako ali pansi pa mitengo nthawi imeneyo, namuyang'ana modabwa. Si ulesi umene wawakhazika pansi; adziwa dziko lawo. Ndiponso matupi awo anazolowera, pakuti thupi lifuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti liphunzire kutuluka thukuta msanga ndi kusunga mchere wake, ndipo mlendo wa tsiku limodzi alibe nthawi imeneyo. Chimodzimodzi munthu wa ku Thyolo kapena ku Blantyre potsikira ku Chikwawa, ku Ngabu ndi ku Nsanje, kumene m'miyezi iyi kutentha kupitirira madigiri 40 masiku ambiri. Pamenepo mpweya utentha koposa mwazi wa munthu, ndipo chotsala chomziziritsa ndi thukuta lokha.

Chifukwa chake chinthu choyamba chimene mwini nyumba ayenera kulamula ndicho nthawi. Makolo athu analibe koloko, koma anatisiyira mawu akuti kulawira, ndipo anadziwa tambala woyamba, ndi nthanda, ndi mbandakucha. M'mwezi wa Okutobala kunja kuyera cha m'ma 5 koloko. Munthu wosenza katundu ayenda makilomita ngati 4 pa ora. Tsono wonyamuka 5 koloko akhala atatha makilomita 16 pofika 9 koloko, dzuwa lisanakwiye. Wonyamuka 9 koloko ayenda mtunda womwewo m'ng'anjo. Ndipo zindikirani kuti kutentha kwenikweni sikufika pamene chithunzithunzi cha munthu chili pansi pa mapazi ake, koma pambuyo pake, cha m'ma 2 koloko, nthaka ndi miyala zitamwa moto. Potero kuyambira 11 koloko kufikira 3 koloko ndiyo nthawi ya mthunzi, si ya njira ayi. Pa lupsa, pamchenga ndi pamsewu wa tala kutentha kuchokeranso pansi, ndipo phazi lopanda nsapato lipsa. Chipewa chachikulu chamlaza, kapena ambulera, ndi malaya oyera otakasuka zithandiza koposa kuvula malaya, pakuti khungu lamaliseche lilandira dzuwa lonse.

Ndidziwa chimene mudzayankha. Mudzati, Kogula feteleza mzere ndi wautali, sitichoka pamene tifuna; msika utha masana; kodi tigone kumeneko? Zoona, nthawi zina ulendo sumvera mwini wake. Koma munthu amene watuluka pamzere 12 koloko sataya kanthu pokhala pansi pa mtengo kufikira dzuwa litapendeka, koma maora atatu okha. Ndipo ngati mtunda ndi wautali kotero kuti usiku udzampeza m'njira, agone kwa mbale, nalawire m'mawa. Sinditama kuyenda usiku wa mdima munthu ali yekha, chifukwa cha njoka, ndi afisi, ndi akuba, ndi magalimoto osaona wapansi. Mbandakucha ndi chisisira ndizo nthawi za mlendo, ndipo awiri apambana mmodzi, pakuti wokomoka ali yekha alibe womthira madzi.

Tsono za muyeso wa madzi. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Ndaona anthu amene amanga thumba la feteleza la makilogalamu 50 panjinga, osadandaula, koma akana chigubu cha malita 3 kuti n'cholemera! Pa ulendo wa maora anayi m'nyengo iyi, munthu wamkulu wa katundu asanyamuke ndi madzi osafika malita 2 kapena 3, pokhapokha adziwa mjigo wa m'njira umene utulutsa madzi. Ndinena wotulutsa madzi, pakuti mijigo ina ifa, ndi zitsime zambiri ziphwa m'Okutobala. Chitsime chimene munamwapo mu Meyi musachiwerengere tsopano. Funsani kwa amene anadzera njirayo sabata yomweyi, pakuti safunsa anadya phula. Imwani bwino musanatuluke pakhomo, ndipo m'njira muzimwa pang'onopang'ono kawirikawiri, monga kapu imodzi pa mphindi 20 zilizonse pamene thukuta lili kutuluka; kumeneku kuposa kuuma maora atatu ndi kugubuduza ndowa pofika. Chigubu mukachikulunga ndi chiguduli chonyowa, madzi ake akhala ozizira monga a mumtsuko. Koma ichi ndichinena molimba kwa alimi a thonje, a fodya ndi a tomato: botolo kapena chigubu chimene munakhala mankhwala opopera mbewu chisalowe madzi akumwa nthawi iliyonse, mungakhale mwachitsuka kakhumi.

Thukuta silichotsa madzi okha. Lawani pamkono panu, mudzamva mchere, ndipo mzere woyera umene utsala pamalaya ndiwo umboni wake. Munthu amene amwa madzi ambirimbiri tsiku lonse osadya kanthu asungunula mchere wotsala m'mwazi, nayamba nseru ndi kufooka, ndipo kumenekonso kungaphe. Potero kamba wa paulendo si wa njala yokha. Mtedza wokazinga wothira mchere, mbatata yootcha, chigumu, nthochi, ndi nzimbe kapena mavwende kumene zipezeka, zonsezi n'zabwino. Thobwa latsopano ndiliyamika koposa zakumwa za m'sitolo, pakuti muli madzi ndi chakudya pamodzi, ndipo mtengo wake ndi chimera cha pakhomo. Munthu akafooka kwambiri ndi thukuta, msungunulireni kapaketi ka ORS, kamene ambiri akatcha Thanzi, mu lita imodzi ya madzi abwino. Kakasowa, thirani mu lita imodziyo masupuni a tiyi 6 a shuga, osachita mulu, ndi theka la supuni ya mchere, osapitirira.

Za mowa ndinena mwachidule. Kachasu kapena masese a pamsika sapha ludzu. Mowa utulutsa mkodzo wambiri pa nthawi imene thupi lifuna kusunga madzi, nugonetsa nzeru zimene zikadauza munthu kuti apumule. Choipa china, munthu wonunkha mowa akagwa m'njira ndi dzuwa, odutsa amseka kuti waledzera, nampitirira.

Madzi a m'njira nawonso ali ndi mlandu wake. Ludzu likakula, maso aona thamanda lililonse ngati kasupe. Koma m'chilimwe madzi otsala m'makwawa ndi ochepa, ndipo ng'ombe, mbuzi ndi anthu onse asonkhana pomwepo. Sitinaiwale mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Nthenda imeneyo, ndi zina za m'mimba, ziyenda ndi madzi oipa, ndipo kutsegula m'mimba pa ulendo wa dzuwa ndiko kubowola mtsuko umene uli kale wochucha. Madzi a paulendo aphitsidwe madzulo, kuti akhale atazizira m'mawa. Kapena athiridwe mankhwala a klorini, monga WaterGuard, ndi kudikira mphindi 30. Kusamba m'dziwe loima kuti thupi lizizire kutenga likodzo. Ndipo m'mbali mwa Shire wakutunga madzi akumbukire ng'ona.

Koma tsono ndifike pa amene tiwatuma, pakuti apa ndi pamene mtima wanga uli. Mwamuna wamkulu akasankha kudzizunza, ndi zake. Koma mwana wa zaka 10 wotumidwa kwa amalume ake tsidya lija masana, kapena mnyamata woweta ng'ombe amene atuluka m'mawa wopanda botolo, sanasankhe kanthu. Mwana sazindikira msanga kuti thupi lake lauma, ndipo sadziwa kuleka. Aopa kukalipidwa akachedwa, nathamanga. Amene muwerenga Buku Lopatulika mukumbukira mwana wa mkazi wa ku Sunemu, m'masiku a Elisa, amene anatsata atate wake kwa okolola, nadandaula mutu, namwalira usana womwewo. Ambiri owerenga aona dzuwa m'nkhani imeneyo. Mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa afuna madzi koposa ife tonse, koma ndiwo amene tiwaona pamsewu masana, mtolo pamutu. Khanda la kumbuyo lilandira moto wa dzuwa ndi moto wa msana wa amake pamodzi. Lisanakwane miyezi 6 lisapatsidwe madzi ayi. Bere likwanira, koma liyamwe kawirikawiri, ndi amake amwe kwambiri, napumule pamthunzi ndi kulimasula pansalu. Liwombo la khanda likalowa m'kati, ndi khandalo likaleka kunyowetsa thewera, likalira lopanda misozi, ndiko kuchepa kwa madzi m'thupi; msataye nthawi ndi zopaka pamutu, pitani nalo kuchipatala. Agogo, ndi onse akudwala mtima, impso kapena shuga, ndi akumwa mankhwala a kuthamanga kwa mwazi amene akodzetsa, asayende konse pa dzuwa la masana. Maliro a kutali apite ndi galimoto, kapena awapitire achinyamata.

Ng'ombe zimene mukusa kunka kumsika zili pansi pa lamulo lomweli. Zimwetseni musananyamuke, muziyendetse m'mawa, osazithamangitsa. Ng'ombe yofika ili wefuwefu, nthiti zili pamtunda, itsitsa mtengo wake wokha.

Nanga munthu akagonja m'njira tichitenji? Pali makwerero awiri, ndipo muyenera kuwasiyanitsa. Poyamba munthu atuluka thukuta lambiri, afooka, mutu uwawa, amva nseru ndi chizungulire, minyewa ya miyendo ikokana. Koma nzeru zake zilipo, ayankha bwino mukamfunsa. Ameneyo mgonekeni pamthunzi, miyendo itakwezedwa pang'ono, mmasuleni zovala, mnyowetseni, ndipo amwe pang'onopang'ono madzi a shuga ndi mchere aja. Asapitirize ulendo pa dzuwa tsiku limenelo, angakhale anene kuti wapeza bwino; ndipo ngati patapita theka la ora sakuchira, kapena asanza zonse, apite kuchipatala.

Khwerero lachiwiri ndilo la imfa. Thupi lafika madigiri 40 kapena kupitirira, ndipo ubongo wayamba kupsa. Munthu adzandira, abwebweta, ayankha zosagwirizana, akwiya popanda chifukwa, kapena agwa nagwedezeka ngati wa khunyu. Khungu lake litentha ngati mbiya ya pamoto. Mwina liuma, mwina likali lonyowa, potero musadikire kuti thukuta lileke. Apa ambiri talakwa. Tiyesa kuti ndi mowa, kapena malungo, kapena kuti wina wamlodza pamsika. Timfunda bulangete, tiyamba kufunsana kuti anadutsana ndi yani, ndipo nthawi ili kutha. Chofunika ndi chimodzi: kumziziritsa pomwepo, osataya mphindi. Mkokereni pamthunzi, mvuleni zovala zolemera, mthireni madzi thupi lonse, ndi kumkupiza ndi lichero, chipewa kapena nsalu, osaleka. Madzi othira pathupi safuna kukhala oyera. A m'khwawa, a m'dimba, a m'ndowa ya munthu wodutsa, onse agwira ntchito. Ngati pali madzi oyenda osaya pafupi, mkhazikeni m'menemo, wina atamgwira mutu. Wokomoka kapena wosokonezeka msamthire kanthu m'kamwa, angatsamwe; mgonekeni chammbali. Wina athamange kukafuna galimoto, njinga yamoto kapena ngolo, ndipo popita kuchipatala muzimnyowetsabe ndi kumkupiza njira yonse. Angakhale atsitsimuke, apite ndithu, pakuti impso ndi chiwindi zionetsa kuvulala kwake pambuyo, ndiponso a chipatala ndiwo angayeze ngati pali malungo.

Chotsala ndi cha ife okhala m'mbali mwa njira. Mwambo wa kwathu ndi wakuti mlendo samanidwa madzi, ndipo mwambo umenewu usafe chifukwa mjigo uli kutali. Mtsuko wovundikira ukhale pakhonde m'miyezi iwiri iyi, ndi chikho chake chotungira, chosiyana ndi kapu yomwera. Ndipo ana a pakhomo aphunzitsidwe kuti akaona munthu wa katundu ali kudutsa masana, amuitane akhale pamthunzi, osadikira kuti apemphe, pakuti manyazi aja a amuna amtseka pakamwa. Ndiponso ndipempha mafumu ndi nyakwawa kuti aletse nkhwangwa pa mitengo ya m'njira. Mkuyu, kachere ndi mango amene tinapumulapo tili ana, ambiri anatha ndi makala ndi uvuni wa njerwa, kotero kuti pali njira zina zimene munthu ayenda ora lathunthu wosapeza pobisa mutu. Mbewu za mango zimene ana ataya m'Novembala zitoleredwe ndi kufesedwa m'dimba. Mvula ikakhazikika, mwini munda aliyense wa m'mbali mwa njira awokere mbande ziwiri kapena zitatu pamalire ake, nazitchinge ndi minga chifukwa cha mbuzi, ndi kuzithirira chilimwe choyamba.